Tisiyireniko njira yotsikira kunyanja

Akonzi,

Zikomo pondipatsa mpata mu nyuzipepala yanuyi kuti nanenso ndiyankhuleko pa nkhani ya magombe a nyanja yathu, makamaka mbali ya Senga Bay ku Salima, komwe malo oti munthu wamba n'kutsikira kumadzi akungotherathera chifukwa cha mipanda ya maloji ndi nyumba za anthu andalama. Chandilembetsa kalatayi ndi zomwe zikuchitika pa doko lina kumeneko, dzina la mudzi sinditchula poti nkhani ikadali m'manja mwa akuluakulu, koma pali bwana wina amene akufuna atenge kamchenga komwe katsala kosatchinga kuti amangepo loji, bala ndi holo ya maukwati, nde anthu a m'mudzimo akana. Anakana pamsonkhano, anakananso tsiku lomwe kunabwera oyeza malo ndi mabikoni awo, mpaka lero akukanabe. Ine ndili mbali yawo, ndipo ndikufuna anzanga a mu Lilongwe muno amve chifukwa chake, poti ambirife tikangomva kuti anthu akumudzi akukana chitukuko timathamangira kunena kuti ndi umbuli kapena nsanje.

Ine ndimakhala ku Kawale, geni yanga ndi ya usipa ndi utaka, ndimakapikula ku Salima n'kumadzagulitsa kuno, komanso mayi anga ndi a kunyanja komweko, nde musadabwe kuti mzimayi wa mutauni zikumukhudza bwanji. Komanso tinene zoona, Senga Bay ndi nyanja ya anthu a ku Lilongwe. Ukakhota pa Kanengo kutsata msewu wa M14, makilomita ngati 100 wafika pa Kamuzu Road, kuwonjezera ena ngati 20 waponda m'madzi. Pa 15 October tsiku la anakubala pitani mukaone ma minibasi, makosita, malole a mipingo, magulu a banki m'khonde atavala nsalu zofanana, onse ulendo wa kunyanja, pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere chimodzimodzi. Ambiri mwa anthu amenewa chipinda cha pa loji sangachikwanitse, olo ndalama ya pageti yomwe ena amalipiritsa kuti ungokhala nawo pamchenga, ukawerengera ana, adzukulu ndi agogo awo mutu umazungulira. Amadalira timalo totseguka tomwe tatsalato. Ndipo chowawa china n'choti amene akugula magombewa ambiri si azungu ayi monga timanamizirana, ndi ife tomwe a kuno ku likulu, mabwana a ku Area 10, 43 ndi 47 ofuna kopumulira pa wikendi. Nyumba imakhala yotseka mwezi wathunthu, muli gadi ndi galu basi, koma mpanda wake wakafika mpaka m'madzi.

Munthu amene sanagonepo pa doko amaona ngati ndi mchenga wongokhala. Dzuwa likamapendeka alovi, anthu ogwira ntchito pa maboti a usodzi, amakhala atayala ukonde wa chilimira pamchenga akusoka pomwe pang'ambika, ndipo ukonde umenewu ndi chinthu chachikulu, sungausokere pakhonde. Ena akukonza nyali, masiku ano ambiri ndi mababu a batire, siginala akuona bwato lake laling'ono lomwe amakakhalamo usiku kuitanira usipa ndi kuwalako. Amalowa kukamada, ukaima pagombe umangoona timagetsi ndandanda kutali uko cha ku chilumba cha Namalenje. Mbandakucha akamatuluka nde pamakhala chipwirikiti, macheucheu, aja ogula nsomba paboti n'kutigulitsa ife pagombe pomwepo, alowa kale m'madzi mpaka m'chiuno kuchingamira boti lisanagunde n'komwe mchenga, ife ogula tili ndi mabeseni ndi ndowa, kukanganirana mtengo, wina akukuwa kuti mwandidumpha ine ndinayamba kufika. Usipa ukangotsika suchedwa, uyenera upite pa thandala loyanikira nthawi yomweyo kapena mu mphika wofutsira, apo ayi dzuwa likangokwera wayamba kufewa n'kuphulika mimba, ndipo usipa wotero ukauma umawawa, kasitomala akalawa kamodzi sabweranso pa benchi yako. Thandala limafuna malo, ndipo malo ake ndi pafupi ndi madzi pomwe pali mphepo ndi dzuwa, sungathamange nawo usipa wauwisi kilomita yonse kumtunda. Pambali pakepo amayi akuchapa, akutsuka mbale, ena akutunga madzi, ana akusamba asanapite kusukulu, okhoma maboti ali pansi pa mtengo ndi phula lawo, wa tiyi ndi mandasi ali apo, wa kabaza akudikira katundu. Mwera ukalusa mwezi wa June ndi July maboti onse amakokeredwa kumtunda ndithu kuti mafunde asawaswe, nde pamafunika mchenga wokwanira. Zonsezi zikuchitika pa kamalo komwe pa mapepala a bwana uja akuti ndi malo osagwiritsidwa ntchito. Eti osagwiritsidwa ntchito!

Zomwe zimachitika doko likatsekedwa tikuzidziwa poti kwina zinachitika kale. Anthu amauzidwa kuti musadandaule muzikakocheza uko, koma uko kwakeko kuli kale eni ake ndi mathandala awo, nde maboti amapanikizana, maukonde amakolana, ndewu siichedwa. Mayi amene ankatunga madzi kuseri kwa nyumba yake amayamba kuzungulira mpanda ndowa ili pamutu. Ena amati takusiyirani njira, ukapita kukaiona ndi kampata kopapatiza pakati pa zipupa ziwiri koti anthu awiri osenza mabeseni sangapatukirane, mvula ikagwa ndi ngalande, usiku atsikana amaopa kudutsamo. Ine tsiku lina ndikuyenda m'mphepete mwa madzi ndi beseni langa kuchoka doko lina kupita lina, gadi wa pa loji ina anandibweza kuti alendo akupuma ndiwasokoneza ndi fungo la nsomba. Mapazi anga anali m'madzi, osati pa kapinga wawo. Mnyamatayo ndi wa m'mudzi momwemo, mayi ake ndimawadziwa, amandiyankhula akuyang'ana pansi kuti mayi pepani ndi ntchito, nde ndinangobwerera osafuna kumuchotsetsa ntchito mwana wa eni. Koma chambo chomwe alendowo anadya masana ake chinatsikira pa doko lomwelo lonunkhalo.

Nanga malowa amapita bwanji? Kawirikawiri zimayamba mwakachetechete. Galimoto ya magalasi akuda imaima kwa amfumu, pakapita masabata mumangoona anyamata akukumba timaenje n'kumaikamo mabikoni, mukafunsa akuti ndi za boma izi musalowererepo. Kenako pamatuluka lizi ya zaka 99, ndipo pepala limeneli likangotuluka madzi akatayika saoleka, wakumudzi alibenso mawu, akayankhula amamuitanira apolisi kuti walowa pamalo a eni. Sindikunena mafumu onse ayi, alipo ena olimba mtima amene anabweza maenivelopu ndipo timawalemekeza. Koma chomwe chimandidabwitsa n'choti malamulo tili nawo abwinobwino. Gawo 207 la malamulo aakulu a dziko lino limati malo onse a Malawi ali m'manja mwa dziko. Lamulo la malo a makolo la 2016 linati kwa gulupu aliyense kukhale komiti ya malo, gulupu akhale wapampando, mamembala ena 6 osankhidwa ndi anthu ndipo osachepera 3 akhale amayi, cholinga chake chinali choti mfumu isamagawe malo yokha kuchipinda. Nde pa magombe onse omwe apita zaka zimenezi, ndi angati omwe anadutsa pamaso pa komiti yotere? Pa doko ndikunenali amayi a pa thandala anamva nkhani kwa anyamata okumba maenje a mabikoni.

Palinso lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linabweretsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limati ntchito zikuluzikulu zisanayambe pakhale kafukufuku wa momwe zikhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu okhudzidwawo afunsidwe maganizo. Papepala zili bho. Koma kafunsidwe kake timakadziwa, amaitana anthu ochepa osankhidwa bwino, fanta ndi banzi, kusainitsa pepala la alawansi, kenako pepala la alawansi lomwelo ndi lomwe limakasanduka umboni woti mudzi wavomera. Msonkhano amauika 9 koloko m'mawa, nthawi yomwe alovi ali mtulo atachezera panyanja usiku wonse ndipo amayi ali kalikiliki kutembenuza usipa, nde abwera ndani? Lipoti lake ndi chibuku cha Chingerezi chomwe olo ine wa fomu 4 sindingachimalize. Kufunsa kwenikweni ndi kupita pa doko masana mwezi ukamawala, nthawi yomwe usipa sugwidwa ndipo anthu onse ali kumtunda, kuyankhula Chichewa ndi Chiyao, kuonetsa mapu pomwe mpanda udutse, n'kumva yankho olo likhale loti ayi.

Tsono ndisakhale ngati mbali inayo sindikuiona. Maloji amalemba anthu ntchito, amagula nsomba, tomato ndi mazira kwa anthu akomweko, ana ena aphunzira ndi ndalama ya ziboliboli zomwe bambo awo amagulitsa kwa alendo. Dziko likusowa ndalama zakunja, mizere ya mafuta tonse taimapo, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amatchula zokopa alendo ngati njira ina yotukulira dziko. Palibe akukana zimenezo. Anthu a pa doko lija sananene kuti loji isamangidwe ku Salima, anena kuti isamangidwe pa doko, kumtunda malo alipo ndipo mlendo akhoza kuyenda masitepe ochepa kutsikira kumadzi ngati wina aliyense. Koma ntchito zomwe amalonjezazi tiziwerengenso bwinobwino. Loji imodzi ilemba magadi, okonza m'zipinda, ophika ndi operekera zakudya angapo, ambiri mwa iwo aganyu a nthawi ya zisangalalo basi, manejala ndi wowerengera ndalama amachokera kutauni. Pamene boti limodzi la chilimira limayenda ndi alovi pafupifupi 10, kumbuyo kwa aliyense kuli banja, kenako oyanika, ofutsa, owamba, ogulitsa nkhuni, osenza, a kabaza, a matola, ife ogulitsa ku Kawale, kwa Chinsapo, ku Area 25 ndi kwa Mgona, mpaka mayi uja wogula kamulu ka bonya kuti ana adyere nsima madzulo. Nde chulukitsani ndi maboti onse a pa doko limodzi muone kuti walemba anthu ambiri ntchito ndi ndani. Kungoti ntchito za pa doko zilibe yunifolomu ndi chikwangwani, nde pa mapepala a mabwana sizioneka.

Eni maloji amadandaulanso za uve, ndipo apa sindiwatsutsa ngakhale pang'ono. Madoko athu ambiri ndi auve zedi, zimbudzi kulibe kapena zinadzadza kalekale, majumbo ndi mabotolo ali mbwee, ena amadzithandiza m'madzi momwe anzawo akutsukiramo mbale. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anaiona ndithu. Likodzo nalo silinathe. Alipo anyamata ena okakamira alendo mpaka kuwatopetsa, ena akuba mafoni, sitingabise. Koma mankhwala a uve ndi chimbudzi, mjigo ndi dzenje la zinyalala, mankhwala a kuba ndi apolisi a m'mudzi. Mpanda umangokankhira uvewo kwa aneba, ndipo poti madzi ndi amodzi omwewo, mphepo ikatembenuka majumbo onse aja amabwerera kutsogolo kwa loji konko. Makomiti a m'madoko aja timati ma BVC alipo kale, ndalama ya matikiti timadula ogulafe, bwana wofunadi chitukuko atawonjezerapo zake n'kumanga zimbudzi zabwino zolipira pang'ono, doko likhoza kuyera ndipo alendo akewo ndi amene angamadzuke m'mawa kudzajambula maboti akutuluka, poti azungu ambiri amakonda zomwezo kuposa kukhala kuseri kwa chipupa.

Amene amati anthu akumudzi sangasamale malo awo okha akafunse za chilumba cha Mbenji kwa Makanjira, ku Salima komweko. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu ndi anthu awo amatseka usodzi pa chilumbachi nyengo ya mvula, cha mu December mpaka April, aliyense amachokapo kuti nsomba ziswane, ndipo akatsegula pali malamulo okhwima, mowa ayi, njuga ayi, ukonde wosaloledwa ayi. Lija loletsa amayi kupondako ine silindisangalatsa koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Utaka wa ku Mbenji tonse ogulitsa timaudziwa kukula kwake ndipo timaulimbirana. Wasunga malo amenewa zaka zonsezi si invesitala, ndi anthu omwewa akutchedwa osadziwa chitukukowa.

China chomwe ndimayesa chitsegula anthu maso ndi madzi a 2024. Chaka chimenecho nyanja inakwera kudutsa mamita 476 poyerekeza ndi mulingo wa nyanja yamchere, maloji ndi nyumba zambiri ku Mangochi, Salima, Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay zinalowa madzi, tonse tinaona zithunzi pa Facebook mipando ya pa bala ili m'madzi. Kunamveka kulira koti atsegule zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde madzi apite, ngati kuti kumunsi ku Chikwawa ndi Nsanje kulibe anthu, anthu oti anali asanapume n'komwe ku namondwe wa Freddy wa 2023. A bungwe loona za madzi la National Water Resources Authority anakumbutsa kuti pali mzere wa mamita 477 womwe munthu sayenera kumanga kunsi kwake. Nde ngati mzerewo ulipo, zipupa zomwe zaima m'madzizi zinamera zokha? Kwa anthu akumudzi madzi amenewa anabweretsa vuto lina lomwe silinalembedwe kwambiri, kamchenga kaja ankadutsapo kutsogolo kwa mipanda kanamira, nde njira inatheratu, wofuna kupita doko lina amayenera kukwera kumsewu kapena kulowa m'madzi mpaka m'chifuwa. Eni nyumba ena anaunjika miyala ndi matumba a mchenga kuteteza zipupa zawo, mafunde akamenya pamenepo amakagumula kwa neba wopanda ndalama ya miyala. Mchenga wonse wa kunsi kwa mzerewo ukanangosiyidwa kuti ndi wa aliyense, bwenzi mabwanawo asanataye mamiliyoni awo m'madzi komanso ife tili ndi podutsa. Koma taonani, madzi sanabwerere bwinobwino n'komwe wina akuyeza kale pomanga holo ya maukwati pamchenga pomwepo.

Mchimwene wanga ali ku Cape Town monga anyamata ambiri a ku Salima ndi Mangochi, ndipo ndi amene anandifotokozera za malo ena otchedwa Sea Point m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuli njira yaitali yoyendamo anthu, kapinga wosewerapo ana ndi maiwe osambiramo a khonsolo, Lamulungu akapuma ku ntchito amapita kumeneko kukakhala ndi anzake, panjirapo palibe geti, wolemera ndi wantchito wake amadutsana pomwepo. Kampani ina inafuna kumanga hotelo ndi mashopu pamalo a maiwewo ndipo nduna ya chigawo inavomereza mu 2007. Anthu wamba anapanga gulu lotchedwa Seafront for All n'kukasuma, ndipo mu March 2010 khoti lalikulu la Western Cape linafafaniza chilolezocho. Zifukwa zake ndi zomwe zinandigwira mtima poti ndi zomwezi za kwathu kuno, khoti linapeza kuti ndunayo sinaganizire mokwanira njira yongowasiya malowo momwe alili, inadalira lipoti lomwe analemba nawo anthu oti akanapindula ntchitoyo ikanachitika, komanso zina zomwe inagwiritsa ntchito popanga chiganizo zinali zakale. Anthu akumeneko amadziwa kuwawa kwa gombe lotsekedwa, nthawi ya tsankho magombe abwino anali a azungu okha mpaka mu 1989 a Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda mchenga woletsedwawo apolisi ali pompo. Nde mu 2008 anapanga lamulo loti gombe ndi la anthu onse boma limangowasungira, ndipo makhonsolo ayenera kupatula njira zoti anthu azifikira kumadzi. Cape Town alendo amapita ochuluka kuposa kwathu kuno kutalitali, mahotelo ali mbwee, koma sanafe nalo lamulo limeneli. Nde zoti alendo sangabwere pokhapokha titatchinga mchenga ine sindizimva.

Kusiyana kwake n'koti anthu a ku Sea Point anali ndi maloya ndi ndalama zoyendetsera mlandu zaka zingapo. Mlovi wa ku Senga Bay ndalama ya loya aitenga kuti, olo ya thiransipoti yobwerera ku khoti ku Lilongwe kuno mlandu ukamangosunthidwa? Apa nde pofunika ife a mutauni, maloya athu achinyamata, mabungwe aja amachititsa misonkhano m'maholo a kunyanja komweko, mipingo ndi mizikiti yomwe imatengera anthu ake kokasangalala ku gombe chaka ndi chaka. Mukamapita kukapanga wekishopu ya ufulu wa anthu, tatulukaniko pageti muyende pang'ono muone kuseri kwa mpandawo.

Ndipo ife a mu Lilongwe matenda amenewa si achilendo. Mabwalo angati a mpira m'malokeshoni mwathu omwe lero pali mashopu ndi nyumba za lendi? Madambo ndi m'mphepete mwa Lingadzi anthu anamangamo mpaka mtsinje ukasefukira timayamba kulira. Mu 2019 itamveka nkhani ya malo a sukulu ya Livimbo ku Area 2 mzinda wonse unayankhula, ndipo phokoso limenelo ndi lomwe linathamangitsira akuluakulu kumeneko kukaona malire. Phokoso lomwelo likufunika pa magombe, kungoti gombe lili kutali ndi ma ofesi nde zimachitika popanda kamera. Komanso pano pali ntchito yokoka madzi ndi mapaipi kuchoka kunyanja ku Salima kudzafika mu mzinda uno. Zidzakhala zomvetsa manyazi ife kumatsegula mpopi ku Area 49 kutuluka madzi a nyanja, pamene mayi wobadwira pagombe pomwepo akukanizidwa ndi gadi kutunga ndowa imodzi.

Pempho langa kwa a khonsolo ya Salima ndi a unduna wa za malo ndi loti atulutse mapu oonetsa malo onse a m'mphepete mwa nyanja kuyambira ku Lifuwu mpaka ku Chipoka, aonetse pomwe pali lizi, pomwe palibe, ndi pomwe pali madoko, awamate pa bolodi pa boma ndi kwa ma T/A kuti aliyense aone, osati munthu azidzamva kuti doko linagulitsidwa tsiku lomwe kwabwera lole ya njerwa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, nde izi si zopempha mogwada ayi. Madoko omwe atsalawo alembedwe kuti ndi malo a anthu onse osagulitsa, kaya kubwere mfumu ina kaya DC wina. Pakati pa mipanda pakhale njira zenizeni zoti ngolo kapena kagalimoto konyamula nsomba n'kudutsa mpaka kumadzi, ndipo amene anatseka njira zakale atsegule, ambiri m'midzimo akudziwa pomwe zinkadutsa, mitengo yake ikadalipo. Aphungu athu nawonso, a ku Salima, Mangochi, Nkhotakota, Nkhata Bay, Karonga ndi Likoma, ngati malamulo omwe alipowa sakunena momveka kuti munthu ali ndi ufulu woyenda m'mphepete mwa madzi, kalembeni lomveka, nkhani imeneyi ilibe chipani.

Kwa bwana wofuna doko uja, bambo, ndalama zanu ndi zanu ndipo palibe akukuchitirani nsanje, mangani loji yanu kumtunda tidzakugulitsani chambo pamtengo wabwino. Koma zotuma anyamata usiku kukazula mathandala ndi kuopseza amayi kuti mudzawamangitsa zisiyeni, amayi amenewo ena ndi amasiye akulera adzukulu ndi usipa womwewo.

Inu akonzi, chonde tumizani mtolankhani wanu kumeneko. Asakafikire pa loji n'kulemba zomwe wauzidwa ndi manejala, akwere minibasi ngati ife, akafike pa doko mbandakucha masiku omwe mwezi uli mumdima, ayankhule ndi alovi, amayi a pa thandala ndi magadi omwe, ayeze ndi mapazi ake kukula kwa timipata tija, kenako akapemphe kuona mapepala a malowo ndi mayina a anthu omwe akuti anavomera pamsonkhano.

Ine wanu,
Mayi wogulitsa usipa,
Kawale, Lilongwe